Dengu la Agogo Pagolo

Agogo anga aamuna ankanunkha masamba a tiyi onyowa ndi utsi wa fakitale, fungo lomwe silinkachoka ngakhale asambe ndi sopo. Anathyola tiyi pa esiteti moyo wawo wonse, ndipo dzina lawo ankalemba ndi chala chodinda.

Ndili Sitandade 8 ndinali goloboyi wa sukulu yathu. Mayeso atatsala milungu isanu, ahedi anayamba kutitulutsa m'kalasi isanakwane teni koloko kuti tizikonzekera mpira ndi sukulu ya ku Khwethemule. Makolo a m'malayini, nyumba za antchito a pa esiteti, sanadandaule. Anthu omwewo amene sankaponda pasukulu tsiku lolengeza zotsatira anasoka mbendera, napeka nyimbo. Bambo anga ankayenda monyada. Palibe anandifunsa za samu, pamene ndinkalakwa ngakhale kugawa.

Loweruka la mpira, agogo anachokera kusikelo yoyezera tiyi ali ndi pulasitiki m'chiuno, dengu kumsana. Anadutsa pakati pa bwalo mpira uli mkati, wosewera aliyense akuwapatuka, mpaka anafika pagolo panga. Anavula dengu lija n'kundiveka.

"Yamba kuzolowera," anatero. "Ukamaliza kugwira mpira, chikudikira n'chimenechi."

Bwalo lonse linakuwa. Bambo anathamanga. "Ababa, mukutichititsa manyazi!"

Agogo sanawayang'ane n'komwe. Anatembenukira kwa ahedi amene ankabwera akupukusa mutu.

"Aphunzitsi, ine sindinaphunzire, mundithandize. Mwana wanu wa Sitandade 8 uja wavala nambala chani?"

"Madala, ameneyo sakonda mpira."

"Ali kuti?"

Tonse tinkadziwa: mwanayo anali kunyumba, akuwerenga. Mu timu monse munalibe mwana wa mphunzitsi, wa kalaliki kapena wa manijala. Tinali ana a othyola tiyi okhaokha.

Ndinayenda mpaka kunyumba ndi dengu kumsana, ndikulira. Timu inaluza, ndipo anthu a m'malayini anasiya kuwapatsa moni agogo kwa mwezi wathunthu. Sanasamale. Madzulo alionse ankakhala pambali panga ndikuwerenga, akuyang'anitsitsa tsamba lomwe sankatha kuliwerenga, ndipo ndikalitembenuza msanga ankati, "Bwerera."

Mu timu ija ndinasankhidwa ndekha kupita kusekondale. Anzanga ena ndimakumana nawo m'mawa akulowa m'munda, imvi zitayamba. Mpira ndilibe nawo mlandu. Chimene sindinakhululuke mpaka lero ndi chakuti pa akuluakulu onse amene anadzaza bwalo lija, amene anakwiya poona maphunziro athu akuwonongeka anali mmodzi yekha.