Mizere Yokhota M'khola la Fisi

Nkhani iyi sindinaiuzepo munthu yonse kuyambira pachiyambi. Mlongo wanga anamvako mbali yake, koma mmene inayendera ndakhala nayo ndekha. Kulemba ndaphunzira imvi zili kale mbuu, ku alifabetizasao, sukulu ya akuluakulu imene tinkaphunzira masana m'tchalitchi, choncho dzanja langa limachedwa. Komabe pepala ndalikonda. Silindifulumizitsa, ndiponso silindiyang'ana m'maso.

Munda wathu unali kumunsi kwa msewu wochokera ku Ntengo-wa-Mbalame, pamalo pozizira pamene nkhungu imachedwa kuchoka. Unali wa amayi athu. Iwo atamwalira unatsala m'manja mwa mlongo wanga, wobadwa pambuyo panga, ine n'kumalima nawo mbali ya kumtunda. Tinkadzala mbatata ya kachewere, chimanga ndi nyemba. Aliyense wodutsa ankaudziwa mundawo chifukwa cha mizere yanga. Inkayamba yowongoka bwinobwino, koma ikafika pakati inkapatuka ngati munthu wolambalala chithaphwi, kenako n'kubwereranso. Pakatipo pankatsala kamalo kosalima, kotalika ngati mphasa.

"Achimwene, kodi mumalima mutalawako?" mlongo wanga ankandifunsa chaka ndi chaka, uku akuseka.

"Pali mwala pansi," ndinkayankha. "Umathyola khasu."

Panalibe mwala. Panali mwamuna wake.

Nthawi ya nkhondo, tsiku limene mudzi wathu unathawira ku Malawi, anthu anasonkhana kudambo kuti anyamuke pamodzi. Mlongo wanga anali ndi pakati, masiku atatsala pang'ono. Ine ndinauza mlamu wanga kuti tithamangire kumunda tikakumbe mbatata, poti kumene tinkapitako sitinkadziwa kuti tikadya chiyani. Iye anakana. Ndinamuseka pamaso pa anthu, ndinati mwamuna wanji woopa munda womwe amalima. Anatola thumba n'kunditsatira.

Dzuwa linali pamutu pamene mfuti inalira kuchokera kuphiri. Woombera sindinamuone, ndipo mpaka lero sindidziwa kuti anali wa mbali iti. Ndinadzigwetsa pakati pa mizere, nkhope m'dothi. Kutakhala zii ndinakwawa, n'kumupeza mlamu wanga atagona chafufumimba, dzanja likadali m'thumba. Ndinakumba pomwepo ndi khasu limene tinabwera nalo. Silinali dzenje loyenera munthu. Ndinakhuthula mbatata ija, ndinamufunditsa thumba kumaso, n'kukwirira.

Kwathu munthu wobwera ndi uthenga wa maliro salandira mpando. Amavula chipewa, amakhala pa dothi, ndipo eni nyumba amadziwa iye asanatsegule pakamwa. Nditabwerera kudambo, mlongo wanga anandikankhira mtolo wake wa zofunda kuti ndikhalepo. Ndinayang'ana mimba yake, ndinayang'ana mapiri amene tinayenera kukwera, ndipo ndinakhala pamtolopo.

"Alamu anu ali kuti?" anandifunsa.

"Atsogola ndi gulu lina. Tikawapeza kutsogolo."

Ndinadziuza kuti ndimuuza tikawoloka malire. Titawoloka ndinati ayambe wachira. Atabereka mwana wamwamuna ndinati mwanayo akhwimeko kaye. Pamenepo n'kuti iye akuyenda m'misasa ya othawa nkhondo, mwana kumsana, kufunsa aliyense wolankhula ngati wa kwathu ku Tsangano ngati anaonako munthu wamtali wa mpata m'mano. Ulendo wina ndinamuperekeza ndine. Ndinafunsa nawo. Poyamba chimene ndinayenera kuulula chinali imfa yokha, koma tsopano chinali imfa, bodza, ndi mtunda wonse umene mapazi ake anayenda. Chinkakula, ine n'kumachepa.

Nkhondo itatha tinabwerera. Munda unali tchire, koma malowo ndinawadziwa chifukwa dothi linali litalowa pang'ono. Ndinapempha mbali ya kumtunda, mlongo wanga sanafunse chifukwa. Sanakwatiwenso. Sanametenso maliro, poti munthu sameta maliro amene sanawamve. Chapa, minibasi yonyamula anthu, ikaima pamsewu ankaweramuka, khasu m'manja, kuyang'ana otsika mpaka womaliza. Zaka zinapita, msana wake unapindika, koma chizolowezi chimenecho sichinathe. Ine ndinkangolima mizere yanga yokhota, n'kumadziuza kuti bola ndikumusunga mlamu wanga, palibe khasu lomukhudza.

Kenako kunabwera bwana wina wa mumzinda wa Tete. Ankati anthu a kumeneko amapsa ndi dzuwa, ndipo angalipire kuti adzapume kuno kozizira, ana awo akuona nyama za m'tchire zili m'makola. Anafuna chigwa chathu chonse. Boma linaitanitsa msonkhano pabwalo la sukulu, ndipo tekiniko, woona za malo wa ku boma la Tsangano, mnyamata waulemu wovala magalasi, anafotokoza kuti malowo asinthidwa, sakhalanso minda, akhala malo osangalalira alendo. Ife atipatsa minda ina kutsidya kwa mtsinje.

Anthu anafunsa mafunso ambiri. Mayi wina anaimirira n'kunena kuti, "Anyani timawathamangitsa m'chimanga ulele, ndiye inu mukuti tizilipira kuti tikawaone?" Bwalo lonse linafa nacho chiseko. Wina anafunsa kuti mkango ukathawa tikadandaule kwa ndani, poti wodandaulayo adzakhala ali m'mimba. Ena anakana ndithu, koma achinyamata ankafuna ntchito, ndipo mawu awo anachuluka.

Pomaliza tekiniko uja anakweza dzanja. "Makolo anga, funso ili ndi lalikulu. Kodi m'malo amenewa muli manda? Ngakhale a munthu mmodzi. Ngati alipo nenani lero, chifukwa manda sitingawatsekere m'mpanda chisawawa."

Anthu anayankha pamodzi kuti manda athu ali kunkhalango, kutali ndi chigwa. Mlongo wanga anali mbali ya azimayi, akugwedeza mutu kuvomereza. Ndikanangokweza dzanja. Koma ndinaona bwalo lodzaza, ndinaona mwana wa mlongo wanga, bambo wa ana ake tsopano, ataima ndi anzake kumbuyo, ndipo dzanjalo sindinalikweze.

Itakwana nthawi yovomereza, anzanga ankadinda chala. Ine ndinapempha kaneta, cholembera. Kanali koyamba kulemba dzina langa pagulu. Ndinalemba pang'onopang'ono, lilime lili panja, ndipo nditamaliza anthu anaomba m'manja. Mwana wa mlongo wanga anakuwa kuti, "Amalume afikapo! Mawa awa akhala aziphunzitsi!" Ndinamwetulira. Pa zonse zimene ndinachita, kumwetulira kumeneko ndi kumene kumandibwerera kawirikawiri.

Mpanda wa waya unazungulira chigwa. Mathirakitala anasalaza mizere, malole anabweretsa mbidzi, nthiwatiwa, anyani ndi ng'ona. Anamanga dziwe losambiramo ndi akatungwe, ndipo Lamulungu nyimbo zinkamveka mpaka kuminda yathu yatsopano. Kumunda watsopanowo ndinadzipeza ndikukhotetsabe mizere pakati, popanda chifukwa. Manja anali atazolowera. Mwana wa mlongo wanga analembedwa ntchito yodyetsa nyama. Ndikamuona m'mawa akulowa pachipata, wamtali, akuyenda moponya mapazi ngati bambo ake, ndinkayang'ana kumbali.

Tsiku lina bwana uja analola kuti eni minda akale tikalowe osalipira. Ine sindinafune, koma mlongo wanga anavala chitenje chake chatsopano n'kudzaima pakhomo panga.

"Tiyeni achimwene, tikaone alendo amene akugona m'munda mwa amayi."

Mwana wake anatilandira pachipata atavala yunifolomu ndi majombo. Anatiyendetsa monyadira. Mlongo wanga ataona nthiwatiwa anagwira pakamwa. "Nkhuku iyi ndiye yodyetsa ukwati wonse, ndi ongodutsa omwe!" Ndinaseka nawo, koma maso anga ankafufuza. Popanda mizere malo amasokoneza. Ndinazindikira nditaona chitsa cha mtengo wa mapichesi umene amayi anadzala, ndi mmene phiri linaimira kumbuyo kwake. Mbali yanga ya kumtunda inali khola la fisi.

"Ameneyu anamugwira ku Macanga, kufupi ndi Furancungo," anatero mwana wa mlongo wanga. "Anamaliza mbuzi za anthu. Pano akudya za bwana, osagwira ntchito."

Fisiyo sanatilabadire. Ankangoyenda kuchokera kumapeto a khola kukafika kumapeto ena, n'kubwerera, mutu uli pansi. Mapazi ake anali atapanga kanjira kofiira m'udzu. Kanjirako kankayamba kowongoka. Kakafika pakati kankapatuka, kenako n'kubwereranso. Pakatipo udzu unali wautali, wosapondedwa, kamalo kotalika ngati mphasa.

Ndinagwira waya.

Mlongo wanga anayang'ana kanjirako, kenako anaphulika kuseka. "Achimwene, mwaona? Mwapeza mnzanu! Nayenso amalima mokhota."

"Chibwerereni sanapondepo pamenepo," anatero mwana wake. "Ndikaponyapo nyama amaisiya mpaka ntchentche zitope nayo, ine n'kukaitola. Ndiye bwana akuti poti ndi malo ongokhala, pakumbidwe kadziwe koti azimweramo. Fisiyu timutsekera uko, mawa ndiyamba kukumba ndine." Anatembenukira kwa ine. "Paja amalume mumati pali mwala? Mundibwereke piki yanu ija. Ndi waukulu bwanji mwalawo?"

Fisi uja anaima. Anadzutsa mutu n'kundiyang'ana, dovu likutsika. Ana ena kumbuyo kwathu ankakuwa pa katungwe.

"Ndi wautali ngati iwe," ndinatero.

"Aa, ndiye ndigwira ntchito mawa!" Anaseka, mpata wa m'mano uli poyera, n'kutitsogolera kukaona ng'ona.

Za fisiyo sindidziwa. Mwina ankamva fungo limene ife sitimva, mwina dothi la pamenepo ndi lofewa ndipo ankaliopa. Ndinayesa kudziuza zimenezi pobwerera, mlongo wanga akusimba za nthiwatiwa njira yonse. Koma nyama imene imafukula manda inali itamulemekeza mlamu wanga, ndipo ine, amene ndinamuitanira kumunda, ndinali nditamupereka ndi kaneta. Dzenje lija ndinalikumba ndine, ndinkadziwa kuya kwake. Silifika m'chiuno. Dzuwa lisanafike pamutu piki ikanagunda, ndipo mnyamatayo akanaweramira pansi, n'kutola ndi manja ake chinthu choyera, osadziwa kuti wanyamula bambo ake. Mwina akanachiponyera fisi, mwa nthabwala, monga amachitira.

Ndinaganizanso za zimene zinganditsate. Bwana akhoza kumuchotsa ntchito mnyamatayo chifukwa cha chipwirikiti. Tekiniko adzandifunsa chifukwa chimene ndinakhalira chete, dzina langa lili pamenepo lolembedwa ndi dzanja langa. Anthu adzati ndinamupha ndine, ena adzati fisiyo ndi wanga. Zonsezi ndikanazisenza. Chimene chinkandiopsa chinali nkhope ya mlongo wanga, ndi chapa iliyonse imene anaiweramukira. Chakudya cha madzulo amenewo ndinapatsa galu.

M'mawa mwake nkhungu inali isanachoke. Piki ndinaisiya kuseri kwa chitseko, ndinavala jekete langa la kutchalitchi, n'kuyenda kupita kwa mlongo wanga. Ndinamupeza akusesa pabwalo. Mwana wake anali pakhonde, akuvala majombo.

"Amalume, piki ija ili kuti? Mwaiwala? Ukalamba uwu!"

"Usapite kaye," ndinamuuza. "Ukhale pafupi ndi amayi ako."

Mlongo wanga anatsamiritsa tsache kukhoma, analowa m'nyumba n'kutuluka ndi mpando. Anaupukuta ndi nsonga ya chitenje, anauika patsogolo panga.

"Mwalawira bwanji lero, achimwene? Khalani apa."

Ndinavula chipewa, ndinaulambalala mpandowo, n'kukhala pa dothi.