Dzino Lakuda la Sietske

Sietske Wiersma wakhala akugulitsa nsomba pamsika wa Harlingen kwa zaka makumi atatu, ndipo tebulo langa la tchizi n'loyandikana ndi lake. Akaitana makasitomala mawu ake amafika kudoko. Koma kuseka ankasekera m'kamwa. Ali mtsikana anaterereka pa madzi oundana a mu ngalande n'kumenyetsa pakamwa pansi. Dzino limodzi lakutsogolo linafa, kenako linada pang'onopang'ono. Enawo tiyi ndi fodya zinawasandutsa achikasu.

Atasiya fodya analowa kwaya ya amayi a padoko, ndipo chaka chachitatu mphunzitsi wa kwaya anamusankha kuti adzaimbe yekha pa chikondwerero cha asodzi.

"Koma muzitsegula pakamwa, Mayi Wiersma," anatero mphunzitsiyo. "Mukuimba ngati mwabisa nsomba m'tsaya."

Mng'ono wake Aukje atamva anabwera kumsika ndi kabokosi ka timapepala tomata pamano, togula m'sitolo ya mankhwala.

"Taonani anga, achemwali," anatero akuonetsa mano oyera mbee. "Masabata awiri basi, ndili pampando wanga kunyumba. Kwa dokotala mukataniko?"

Sietske anamata timapepalato tsiku lililonse. Mano anayamba kuchita dzanzi, moti mphepo ya kunyanja ikamulowa m'kamwa ankatukwana. Manowo anayeradi, kupatula lakufa lija. Pakati pa anzake oyera linaoneka lakuda kuposa kale.

Anandionetsa kuseri kwa tebulo, misozi ili m'maso. "Ndikukawauza akwaya kuti apeze wina woimba."

"Usanawauze, kaonane ndi Dokotala Terpstra wa mano," ndinatero. "Nsombazi ndikuyang'anira ndine."

Dokotalayo anaunika dzinolo, n'kulijambula. "Timapepala tagwira ntchito yake, Mayi," anamuuza. "Timayeretsa mano amoyo. Ili lada kuchokera m'kati, ndiye mankhwala ayenera kulowa m'kati momwemo."

Anayamba watsuka muzu, kenako anaboola kabowo kuseri kwa dzinolo, n'kuikamo mankhwala n'kutseka. Sietske anabwererako katatu. Ulendo woyamba sitinaone kusintha, ndipo Aukje sanachedwe kulankhula.

"Ndinanena ine. Akubowolerani dzino ngati khoma lopachikapo chithunzi."

"Iwe khala chete, mano ako anayera koma lilime silinasinthe," anayankha Sietske.

Atachokako ulendo wachitatu, Sietske anabwera kumsika. Anavala epuloni yake, anakulunga nsomba ziwiri, kenako anatembenukira kwa ine n'kumwetulira. Ndinafufuza dzino lija mpaka ndinachita kufunsa kuti linali liti.

Tsiku la chikondwerero kunali mphepo, mbendera za m'mabwato zikupepeluka, anthu atadzaza padoko. Sietske anatuluka pamzere wa kwaya, anaima kutsogolo, n'kuimba nyimbo ya akazi odikira amuna awo ochokera kunyanja. Asodzi okalamba anavula zipewa. Atamaliza, anthu anaomba m'manja mosaleka mpaka anaibwereza.

Aukje ndiye ankakuwa kuposa onse, akugwedeza mlendo amene anaima naye pafupi.

"Ndi achemwali anga amenewo! Mano onsewo ndinayeretsa ndine, dokotala anangothandiza limodzi!"

Sietske anamva ali pansanja pomwepo, ndipo anaseka mpaka mphunzitsi wa kwaya anachita kudikira kuti ayambitse nyimbo yotsatira.