Mbuzi ya Amjomba ndi Beseni la Madeya

Ndikukumbukira dzanja la amjomba likuyenda pamsana pa mbuzi ija, chala chikuima pa fupa lililonse. Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi. Unali mwezi wa Okutobala, m'zaka zija anthu othawa nkhondo ya ku Mozambique anadzaza mbali yathu ya Mangochi.

Mbuziyo inali yawo. Amjomba, mlongo wa amayi, ankakhala ku Malindi, ndipo anatisungitsa mkota uja pa pangano limene aliyense kwathu ankalidziwa: mwana woyamba amapita kwa mwini mbuzi, wachiwiri amatsala kwa wosunga. Amayi anaipereka m'manja mwanga. Anzanga ena anali ndi nsapato. Ine ndinali ndi mwana wachiwiri uja wa mbuzi, wosabadwa, ndipo ndinali nditauza kale kalasi yonse.

"Asiyatu, iyi ndi mbuzi kapena chiteletele cha nkhuku?" anafunsa amjomba.

"Kulibe msipu, amjomba."

"Ku Malindi nakonso dzuwa likuwomba, koma zanga sizikuoneka chonchi. Ili ndi bere iyi. Ndibweranso mvula ikagwa. Ndikadzaipeza nthiti zili pamtunda, ndidzaitenga."

Za msipu sindinaname. Anthu anali atachuluka, ndipo aliyense ankafuna nkhuni, mitengo yomangira ndi udzu wofolera. Tchire limene mbuzi zinkadyamo nthawi ya chilimwe linali litasanduka bwalo. Mbuzi za m'mudzi zinkatafuna makatoni pamsika.

Ndinaganiza ndekha, osafunsa munthu. Ndinkadziwa kuti mbuzi imakonda madeya, chifukwa tsiku lililonse tikamakonola chimanga tinkaithamangitsa pamtondo. Choncho kwa sabata yathunthu, ndikaweruka kusukulu, ndinkakonolera amayi a m'nyumba zitatu zoyandikana nafe, malipiro anga ali madeya okhaokha. M'manja munatuluka matuza. Lolemba m'mawa beseni lalikulu lochapira linali lodzaza. Ndinathiramo madzi pang'ono, n'kuliika pamaso pa mbuzi, ndipo ndinapita kusukulu ndikuimva ikufwenthera m'madeyamo.

Nditabwera masana ndinaipeza itaima miyendo ili tang'a, mutu uli pansi, malovu akutsika. Beseni linali loyera. Mimba inali itatupa, makamaka mbali ya kumanzere, ndipo nditaigogoda inalira ngati ng'oma. Sinkabzikula. Inkangobuula ndi kukukuta mano.

Amayi anafika kuchokera kumunda kumene ankasosa, anayang'ana mbuzi, kenako beseni, kenako ine.

"Onse aja?"

"Onse."

"Pita ukaitane munthu wa mpeni isanafe yokha. Nyama yofa yokha sitidya ife."

Sindinasunthe. Ndinagwira chingwe cha mbuziyo ndi manja onse awiri n'kuyamba kulira mokweza, ndipo kulirako n'kumene kunabweretsa a Domingo.

A Domingo anali mmodzi wa othawa nkhondo. Amayi anawapatsa malo kuseri kwa nyumba yathu, pamene anamanga kanyumba kokhalamo ndi akazi awo ndi ana awiri. Ife ana tinkangowadziwa ngati bambo woluka mphasa amene amakaima pamzere wa chakudya cha chithandizo. Tsikulo anagwada, n'kuika khutu kumanzere kwa mimba ya mbuzi, ndipo anakhala choncho kwa kanthawi.

"Mayi, muli ndi chidulo?"

"Chophikira therere? Chilipo."

"Bweretsani theka la kapu, musungunule ndi madzi. Mpeni udikire."

Iwo analowa m'kanyumba kawo n'kutuluka ndi botolo la mafuta ophikira. Ndinkalidziwa botololo. Linali la pachithandizo, ndipo linkayenera kuwafikitsa tsiku lolandiranso.

"A Domingo, nanga ana anu?" anafunsa amayi.

"Adya nandolo wamadzi. Anazolowera."

Anaimika mbuzi pakachulu, miyendo yakutsogolo pamwamba, yakumbuyo pansi. Anaimwetsa mafuta kudzera m'mbali mwa kamwa, pang'onopang'ono, osaipendeketsa mutu kwambiri kuti asalowe m'mapapo. Chidulo chinatsatira. Kenako anapingasa kamtengo m'kamwa mwake, n'kukamangira kuseri kwa nyanga kuti izitafuna, ndipo anandionetsa posisita ndi chibakera.

"Wapereka ndiwe, usisitanso ndiwe. Ukatopa uziiyendetsa. Isagone."

Ndinasisita, ndinaiyendetsa kuzungulira nyumba, ndinasisitanso. Mchenga unkawotcha kumapazi. Dzuwa litapendeka, mbuzi inageya, mpweya wowawasa ngati mowa wolala unandimenya kumaso. Inageyanso kachiwiri. Sindinamvepo fungo loipa limene linandisangalatsa chotere. Inatsegula m'mimba masiku awiri, ikungodya masamba ouma ndi kumwa madzi, ndipo tsiku lachitatu ndinaipeza itagona pamthunzi ikubzikula.

Amayi anali atathyola kale kamtengo kondikwapulira. A Domingo anawaletsa.

"Musamumenye, mayi. Ntchito imumenya yokha."

Ntchitoyo inayamba m'mawa wotsatira. Ananditengera kumitengo ya misangu ya kudambo, imene mwezi umenewo imagwetsa zipatso zake zopindika, zofiirira. Ndinali nditaziponda moyo wanga wonse. A Domingo anathyola chimodzi n'kundinunkhitsa. Chinali ndi kafungo kotsekemera.

"Ichi ndiye chakudya cha mbuzi pachilimwe. Koma uzilawirira, chifukwa mbuzi za anzako sizipita kusukulu."

Kuyambira pamenepo ndinkafika pamisangu kukangocha, ndi thumba. Masana ndinkakathyola masamba a nandolo m'munda mwa amayi, ndi kutola makoko ake amene anthu ankataya akamenya nandolo. Masamba a chinangwa anandiletsa kupereka aawisi. Ndinkayamba ndawayanika tsiku lathunthu kuti ululu wake uchoke. Masamba onse ndinkawamanga mtolo n'kuwapachika pamtengo, pamsinkhu wa mutu wa mbuzi, chifukwa mbuzi sidya zimene yaponda kapena kukodzera. Madzi ankakhala pafupi nthawi zonse, ndi kamchere kotsina. Madeya ndinawabwezera patapita sabata ziwiri: dzanja limodzi patsiku, kenako manja awiri, osapitirira.

Tsiku lina ndinadandaula kuti sikunenepa msanga. A Domingo sanasiye kuluka mphasa yawo.

"Inawonda miyezi ingati?"

"Itatu."

"Ndiye iwe ukufuna inenepe Lachisanu?"

Ndinawafunsa kumene anaphunzira zonsezi. Anati kwawo anali ndi khola la mbuzi lalikulu kuposa nyumba yathu, ndipo tsiku lothawa anangolitsegula kuti zizipita.

Zimene zinachitika m'mimba ija ndinazimvetsa nditakula. Mbuzi imagaya chakudya mothandizidwa ndi tizilombo tosaoneka tokhala m'chifu chake chachikulu, chimene chili kumanzere. Tizilomboto timazolowera chakudya chimene mbuzi ikudya. Ukathira madeya ambiri mwadzidzidzi, amasasa msanga, mimba imawawasa n'kuleka kuyenda, ndipo mpweya umasowa potulukira. A Domingo sankadziwa mayina a zinthu zimenezi, koma anadziwa poika khutu.

Mvula yoyamba inagwa kumapeto kwa Novembala. Ana anzanga anathamangitsira mbuzi zawo ku msipu wanthete, zina zinatsegula m'mimba. Yanga ndinkayamba ndaipatsa zouma, n'kuimangirira kumsipu mame atauma. Amjomba anafika Loweruka lina panjinga. Anaitsamiritsa pamtengo wa mango, osalowa n'komwe m'nyumba, n'kulunjika kumbuzi. Anaigwira pamsana, pachifuwa, m'ntchafu. Sinali yonenepa kwenikweni, koma ubweya unkawala ndipo bere linali litatsika. Ine ndinaima pafupi.

"Mwasinthanitsa mbuzi?"

"Ndi yomweyo, amjomba."

"Ndamva za beseni," anatero, akuyang'ana amayi, kenako anatembenukira kwa ine. "Ukanaipha, bwenzi ndikukutenga iweyo kukakumangirira m'khola ku Malindi." Anapukuta dzanja pa thalauza. "Ikhale."

Inaswa mu Januwale, mwana mmodzi, wamphongo, ndipo atasiya kuyamwa anapita ku Malindi monga mwa pangano. Wanga ndinamudikira pafupifupi chaka china, ndi chilimwe china cha kutola zipatso za misangu. Anali wamkazi, wa mawanga akuda. Nkhondo itatha a Domingo anabwerera kwawo, ndipo amayi anawapatsa msoti wobadwa kwa mbuzi yangayo kuti akayambire khola.

Lero ndimaona kuti khama ndinali nalo kuyambira pachiyambi, ndipo khama lomwelo n'limene linatsala pang'ono kupha mbuzi. Chimene chinasowa ndi funso limodzi. Sabata yonse imene ndinkakonola chimanga, munthu wodziwa mbuzi kuposa aliyense m'mudzi mwathu ankaluka mphasa kuseri kwa nyumba, akundiona. Sindinamufunse chifukwa m'mutu mwanga wothawa nkhondo anali munthu wolandira, osati wodziwa kanthu. Maganizo amenewo sindinabadwe nawo. Ndinawatola kwa akuluakulu, ndipo anandichokera ndili ndi zaka khumi ndi chimodzi. Ena a msinkhu wanga akadali nawo mpaka pano.