Miyala ya pa Mjigo

Mpaka lero ndikagwira chitsulo chonyowa, fungo la dzimbiri lotsala m'manja limandibweza ku mjigo wa m'bayiro, dera lathu la m'tauni ya Milange, chilimwe chimene tinasamuka kuchokera ku Mongue. Ndinali ndisanasiye sukulu. Bambo anali atapeza ntchito yonyamula matumba a chimanga panjinga kupita ku malire, ndipo tinkakhala m'kachipinda ka malata kuseri kwa chigayo. Fumbi linkalowa mpaka m'mano. Phiri la Tumbine linkabisika mu utsi wa tchire lopsa. Amayi anali ndi pakati, mapazi otupa osalowanso m'patapata.

Mjigo unali umodzi bayiro yonse, ndipo unkatsegulidwa dzuwa litakwera. Anthu sankaima pamzere, umene kumeneko amati bisha. Ankasiya miyala yowasungira malo n'kupita kukagwira zina. Nyumba iliyonse inali ndi wake: wina chidutswa cha njerwa, wina chitini chophwanyika, wina mwala womanga ndi mphira. Aliyense ankadziwa kuti uwu ndi wa uje. Ife tokha sitinkadziwa.

Tsiku loyamba amayi analawirira. Kwathu ku Mongue, mkazi woyamba kufika pachitsime ndiye amasesa. Ataona zinthu zili mbwee panjira, anathyola tsache, nasesa bwinobwino, miyala yonse n'kuiunjika pansi pa mtengo wa mango. Ikuluikulu ndinanyamula ndine, ndikunyada.

Woyamba kutipeza anali Dona Roza, mayi wachilomwe wogulitsa mandasi, wa mawu opambana phokoso la chigayo. Anaima, manja m'chiuno.

"Ndani wataya anthu?" anakuwa. Kenako anaona tsache. "Inu a kumudzi, mwabwera kudzatisesera bayiro? Bwanji osayambira kuchimbudzi kwanga?"

Amayi anagwada, ndi mimba yawo ija, napepesa m'Chinyanja, kenako m'Chilomwe. Akazi anaseka, koma posakhalitsa anayamba kukangana okhaokha za amene anali kutsogolo kwa mnzake, ndipo mkanganowo unagweranso pa ife. Palibe anatiletsa kutunga. Kungoti tikaika mwala wathu pabisha, tinkaupeza m'ngalande.

Choncho tinkapita kumtsinje, kutali kumunsi, kudutsa minda yakupsa. Madzi ake anali amatope, onunkha masamba owola. Amayi ankasenza chigubu chachikasu, ine kachidebe kotayikira m'khosi. Pobwerera ankapuma pamthunzi uliwonse, dzanja kumsana, osadandaula. Bambo ankafika atatheratu, n'kugona asanavule nsapato, ndiye tikanawauza chiyani? Tsiku ndi tsiku zinali zomwezo, dzuwa lomwelo, njira yomweyo.

Ine mtima wanga suchedwa kupsa, ndi kale lomwe. M'mawa wina ndinatenga pedulo yothyoka ya njinga ya bambo, ndinaiika pabisha, n'kubisala kuseri kwa mango. Anabwera Tino, mwana wa Dona Roza, akuimba mluzu, n'kuimenya ndi phazi ngati mpira. Ndinamupatsa chibakera cha pakamwa. Kunyumba amayi anandikwapula ndi patapata zomwe zija zosawalowa.

"Ukufuna atithamangitse, Zeka? Tipite kuti?"

Posapita nthawi kwa Dona Roza kunagwa maliro, amuna awo. Amayi anapita osaitanidwa. Ndinawaona kuseri kwa nyumba, pa mafuwa, utsi uli m'maso, akutsuka mapoto ndi madzi amene tinatunga kumtsinje ndi makosi athu. Anachokako maliro atatha. Ine ndinafufuma ndi ukali. "Mukuphikira anthu otitukwana?" Anangondiyang'ana, n'kutambasula miyendo pamkeka.

Atapumako anandituma kumjigo ndi chigubu. Ndinapita nditakonzekera ndewu. Pedulo ija inali pabisha, pakati pa njerwa ndi chitini, ndipo sindine ndinaiika. Mtsikana wina anayesa kuisuntha ndi chala cha phazi. Dona Roza, atavala zakuda, sanakuwe n'komwe.

"Iwe, amenewo ndi mayi a Zeka. Sukuwaona kuti ali ndi pakati?"

Akazi anaseka, mtsikanayo anabweza phazi. Nthawi yanga itakwana ndinapopa mpaka manja kununkha dzimbiri, madzi oyera akusefukira m'chigubu. Mlongo wanga anabadwa mvula itangoyamba, ndipo anasambitsidwa ndi madzi a pamjigopo.

Nthawi imeneyo ndinkakhulupirira kuti chibakera changa ndicho chinatitsegulira mjigo. Ndinauza anzanga onse, ndipo ndinachigwiritsanso ntchito kusukulu mpaka anandionetsa chipata. Lero ndimakankha matumba ku malire ngati bambo, ndimagonanso ndisanavule nsapato. Ndikakhala pabisha ya kumeneko, magazi akuwira chifukwa wina wandidula, zimene zimandibwerera si pakamwa pa Tino. Ndi mapazi otupa aja, ali pafupi ndi mafuwa a anthu ena.