Ndowa Ziwiri pa Sikelo ya Makanda

Kwa zaka khumi ndi zinayi, mayi amene alimi ankawatchula kuti Anachibeseni ankayamba tsiku ndi kuyeza madzi m'chibeseni chachitsulo cha kuseri kwa ofesi ya ulimi wothirira. Madzi amene auma ndi dzuwa ankawalemba m'kabuku, ndipo mlangizi ankadalira manambalawo pogawa masiku othirira. Komatu kalata yawo ya ntchito inkati ndi wosesa, ndipo pa malipoti dzina lawo silinaonekepo n'kamodzi komwe.

Chaka china mlangizi watsopano analamula kuti minda ya kumunsi kwa ngalande izithiriridwa kamodzi pa sabata m'malo mwa kawiri, poti chibeseni chinkasonyeza kuti madzi sakuuma kwenikweni. Eni minda imeneyo anali anthu opanda owayankhulira, ndipo nyemba zawo zinali zitangoyamba maluwa.

Anachibeseni ankadziwa chimene kabuku sikankanena: chibesenicho chinali pamthunzi wa khoma, pomwe kumunsi kunali poyera, mphepo ikukuntha tsiku lonse. Anapita kwa mng'ono wawo, mzamba.

"Undibwereke sikelo yakale ija ya makanda."

"Achemwali, pa msinkhu umenewu? Alamu akudziwa?"

"Ndi amapasa, iwe. Koma osalira."

Anazula nyemba ziwiri ndi dothi lake lomwe, naziika m'ndowa ziwiri n'kuzithirira mofanana. Ndowa ina anaisiya pambali pa chibeseni, ina kumunsi. M'mawa uliwonse ankazikoleka pa sikelo n'kulemba m'kabuku: kulemera kumene kwachoka ndiwo madzi amene dothi ndi mbewu zataya.

Patatha masiku asanu anaitana mlangizi uja.

"Mayi, sayansi siyendera ndowa zochapira," anatero iye akuseka.

"Bwana, ine sukulu ndinalekezera panjira. Tangowerengani nokha kabukuka, kenako muone singano ya sikeloyi."

Mlangizi anawerenga, nabwerezanso. Ndowa ya kumunsi inali itataya madzi pafupifupi kawiri kuposa inzake. Anayang'ana khoma, anayang'ana chibeseni, nakanda m'mutu.

"Ndani anachiika pamthunzi chimenechi?"

"Bwana woyamba. Ankadana ndi kupsa ndi dzuwa."

Tsiku lomwelo anthu anayi ananyamula chibesenicho kupita nacho poyera, ndipo Lachinayi madzi anatsikiranso kumunsi. Nyemba zinabereka.

Lipoti la chaka chimenecho linatuluka ndi dzina la mayi aja pansi pa manambala. Kalata ya ntchito ikunenabe kuti wosesa, koma alimi a kumunsi alembera kale ofesi kawiri kuti kalatayo isinthidwe, ndipo akuti sasiya.