Mapiritsi a Mtima Amene Anachiritsa Mutu wa Mudzi Wonse

Tinanyamuka ku Chikomeni, mudzi wa m'boma la Lundazi, mame asanakamuke, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990. Alamu anga a Mwale ndinawakweza pakaliyala ya njinga, iwo akudandaula njira yonse kuti ndawasandutsa thumba la mtedza. Mlongo wanga ndiye anandiitana kuchokera kwathu ku Kasungu kuti ndiwaperekeze amuna akewo ku Chipata, kumene kunkabwera dokotala wa mtima wochokera ku Lusaka.

Alamuwo ali pantchito kumigodi, mtsempha wa mtima wawo unatsekeka, kampani n'kuwatumiza ku Joni. Kumeneko anawaika kachitsulo konga sipuling'i ya bolopeni, kotsegula mtsemphawo kuti magazi azidutsa. Patatha zaka zitatu, chifuwa chinayambanso kuwathina akamalima fodya. Tonse tinkaopa kuti kachitsuloko katsekeka, koma palibe ankatchula.

Pa boma la Lundazi njinga tinaisiya kwa mnzawo wogulitsa salaula, kaunjika wa kumeneko, pamsika. Kondakitala wa minibasi anatilipiritsa teni pini aliyense, ndiye kuti makwacha zikwi khumi, akulumbira kuti tinyamuka manje manje. Manje manje wakeyo anakwana dzuwa lili paliwombo.

Msewu wa ku Chipata masiku amenewo unali maenje okhaokha, phula lili apo ndi apo. Pambali pathu panakhala mayi wina atafungata tambala.

"Monire adada, muli uli?" anatero mayiyo.

"Tili makola," anayankha alamu, ndipo poti pakamwa pawo sipauma anawonjezera, "koma ine amayi nili na nsimbi mumtima."

"Nsimbi? Nanga kaleza akagwa?" Mayiyo anayang'ana mitambo poopa mphezi n'kusunthira kuwindo, tambala ndi zonse.

Cha m'ma thiri koloko tinaima pamalo ena, n'kugula chimanga chootcha ndi munkhoyo, thobwa la kumeneko. Mayi uja anadandaula kuti mutu ukumuwawa. Alamu anapisa m'thumba, kutulutsa kabotolo, n'kumuwerengera mapiritsi awiri m'manja.

"Alamu, amenewo si a mtima aja?" ndinafunsa.

"Ni asipilini chabe. Munthu adwale mutu pamaso panga, ine nimumane? Pamalilo panga kuzabwela ndani?"

Apo m'pamene zinaululika. Mudzi wonse unkadziwa kuti kwa a Mwale kuli mankhwala amphamvu. Wadzino ankabwera, wamsana ankabwera, ngakhale wamatsire. Botolo la mwezi linkatha sabata imodzi, masabata atatu otsalawo eni mtima ankangokhala osamwa kanthu. Ndinapsa mtima. Mpaka tinalowa mu Chipata sindinawalankhule.

Tinagona kwa achibale, m'mawa mwake n'kulawirira kuchipatala. Dokotalayo, mayi wamfupi wosaseka, anawamata timawaya pachifuwa n'kuwerenga pepala limene makina analavula.

"Ba Mwale, mapilisi mukumwa siku na siku?"

"Eee, dokota," anatero alamu, maso ali kudenga.

Ine ndinatsokomola, n'kuulula zonse. Alamu anandithira diso ngati ndawagwira akuba m'nkhokwe.

"Mvelani," anatero dokotala. "Kansimbi aka kali na adani awili. Mnofu umamela mukati mwake pang'onopang'ono, ndiye mupite ku Lusaka akaone. Koma magazi akaundana pamenepo, ni siku imozi chabe, mwapita. Mapilisi aya ndiye yamaletsa. Mukapasa munzanu, mwamupasa masiku yanu."



Potuluka ndinalowa m'sitolo n'kugula paketi yaikulu ya mapiritsi wamba a mutu. "Awa ndi a mudzi, thumba lakumanja," ndinatero. "A mtima kumanzere, ndipo kumeneko kulibe chibale." Ndinali nditazindikira kuti munthu wotere sungamuphunzitse kumana, umangomupatsa china choti azigawa.

Masiku ano ndimamva kuti tizitsuloto amatipaka mankhwala oletsa mnofu uja kumera msanga, ndipo timakhalitsa, komabe mapiritsi ake sadumphitsa. Ka alamu kanali kosapaka, koma ku Lusaka atawawonjezera mankhwala kanawasunga mpaka anavina paukwati wa mdzukulu wawo.

Pobwerera ku Lundazi kuchokera ku Chipata kuja, kondakitala yemwe uja anagwira mutu n'kubuula. Ndinaona dzanja la alamu likupita lokha kumanzere. Linafika pathumba, linaima, n'kuwolokera kumanja.

"Tenga awili, mwana wanga," anatero. "Aya enawa yali na mwine wake."