Timabotolo ta mavitamini pa matchera

Ababa, chitisiyireni lero ndi pomwe tatulutsa matchera anu. Timabotolo ta mavitamini munkamangirira kuti ukonde uziyandama tija tikadalipo. Taseka!

Mukukumbuka anesi atanena kuti ndi mapapo anuwo chimfine chokha chikhoza kukugonekani m'chipatala? Mwera utayamba ndinkakulondolani ndi mavitamini m'mawa uliwonse, mantha ali tho. Kabotolo koyamba katatha munandilanda: "Iwe usataye! Kamaliza ganyu ya m'chifuwa, kakagwire ya kunyanja." Chaka chimenecho chimfine chinagwira nyumba yonse kusiya inu. Kaya anali mavitamini kaya mwayi, ife tili gone inu n'kumatiphikira phala, mukunyada kuti inu wodwala mwasanduka dokotala. Phalalo linali lamchere kwambiri, koma ndikulifunabe, Ababa.